Mbiri ya Kaliwo ndi ya Nsagwada Zogwira Mtengo Wace

Pa zinthu zazing'ono zimene anthu anyamula m'thumba, nzowerengeka zimene zinayenda maiko ambiri monga kaliwo. Mbeu ya fodya inacokera ku America. Mtengo wosemera kaliwo aukumba m'mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Zitsulo zougwira pousema zinaturuka m'nzeru za amisiri a ku Ulaya ndi ku America. Ndipo fodya wambiri amene Angerezi anatentha m'menemo analimidwa ndi manja a makolo athu ku Lilongwe ndi ku Dowa. Cifukwa cace tayesa kuti nkwabwino kulembera aphunzitsi ndi akatekisiti anzathu mbiri imeneyi, makamaka ya cipangizo cimodzi cimene wosuta sacionapo konse, ndico cogwira mtengo pamene mmisiri ali kuuboola. Sitilemba kuti tikometse kusuta, pakuti za kuipa kwace tidzanena poyera pa mapeto. Koma m'nkhani iyi muli phunziro la nchito ya manja, ndipo ife amene tiyang'anira ana m'nyumba za ukalipentala tiyenera kudziwa cifukwa cace cipangizo cina cithandiza ndi cina cibvulaza.

1. Za mau amene tidzachula

Liu lakuti fodya siliri la makolo akale lomwe ai. Ambiri osanthula zinenero anena kuti linacokera ku liu la Cipwitikizi lakuti folha, ndilo tsamba, ndipo Ashona nawonso ati fodya monga ife. Izi zibvomerezana ndi mbiri, pakuti Apwitikizi anali kale ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500. Fodya ndi kaliwo ayenda m'gulu limodzi la mau ndi galu ndi kalulu: tinena fodya uyu, kaliwo wanga, kaliwo wasweka, sitinena kaliwo kanga, cinkana liulo liyamba ndi ka. Ana a m'makalasi apansi asokonezeka kawiri kawiri pa mau otere, ndipo mphunzitsi acita bwino akawaonetsa kusiyana kwace ndi kamwana kapena kanthu.

Ziwalo za kaliwo tidzazicha motere: mutu, ndiwo mbali yaikuru yonse, mphika, ndilo dzenje lothiramo fodya, khosi, ndiyo mbali yoturuka pa mutu, mpini, umene ulowa m'khosi nufika pakamwa, ndi njira ya utsi, ndilo bowo lopapatiza locokera pansi pa mphika kufikira ku milomo. Makina ozunguza mtengo kuti usemedwe Angerezi awacha lathe, ndipo cogwira mtengo pa makinawo acicha chuck. Mau awiriwa tiwasiya monga ali, ndipo tiwaika m'gulu la nyumba ndi mbale: lathe iyi, chuck yace, chuck zitatu. Koma zitsulo za pa chuck zimene zitseka ndi kutseguka eni ace azicha ndi liu lao la nsagwada, ndipo apa cinenero cathu cikwanira bwino lomwe, pakuti nchito yace ndiyo kuluma ndi kusataya.

2. Kaliwo wa dothi

Pamene Columbus anafika ku zisumbu za ku America m'caka ca 1492, anthu ace anaona eni dziko ali kumwa utsi wa masamba. Zisanathe zaka 100 fodya anali atafika ku Ulaya, ku Africa ndi ku Asia. Ku England Mfumu James I inamuda kwambiri, nilemba kabuku komutsutsa m'caka ca 1604. Koma mfumu yomweyo m'caka ca 1619 inapatsa kalata ya cilolezo oumba akaliwo a ku Westminster, pakuti anthu anali atazolowera kale. Ku Holland mudzi wa Gouda unachuka ndi nchito yomweyo, ndipo oumba ace anapangana bungwe lao m'caka ca 1660.

Akaliwo amenewa anali a dothi loyera. Mmisiri anali kufyonyola dothi ndi manja, nalowetsa waya m'litali mwa mpini dothi likali lofewa, nalipana m'cikombole ca citsulo, nakanikiza dzenje la mphika, ndipo pambuyo pace anali kuocha m'ng'anjo. Kuno kwathu amisiri anaumbanso mitu ya kaliwo ndi dothi, nalumikiza mpini wa bango kapena wa nsungwi. Tizindikire apa cinthu cimodzi: m'dothi lofewa kukumanitsa njira ya utsi ndi mphika sikubvuta, pakuti waya akaphonya woumba amubweza nayesanso. Koma kaliwo wa dothi asweka msanga, natentha zala. Olemera a ku Vienna ndi midzi yina anagula akaliwo a mwala woyera wopepuka wochedwa meerschaum, umene aukumba pafupi ndi Eskişehir m'dziko la Turkey. Koma uwu unali wa mtengo wapatali, ndipo nawonso usweka ukagwa. Mitengo yambiri inayesedwa, koma mtengo wamba upsa pamodzi ndi fodya. Cotero kwa zaka zoposa 200 anthu anasowa cinthu colimba, cosapsa msanga, ndi cosadula.

3. Kucokera kwa lathe

Lathe njakale kopambana fodya wa ku Ulaya. M'manda a wansembe Petosiris ku Egypt, a zaka ngati 300 Kristu asanabadwe, muli cithunzi ca amuna awiri: wina akoka cingwe cokulungidwa pa mtengo kuti uzungulire, mnzace agwira citsulo cosemera. Nzeru yace siisiyana kwambiri ndi ya makolo athu popeka moto, pakuti konse kuwiri kamtengo kazungulira pamalo pamodzi. Pambuyo pace amisiri a ku Ulaya anamanga cingweco ku mtengo wowerama pamwamba ndi ku coponda pansi, kotero kuti munthu mmodzi anali kuzunguza ndi phazi nasema ndi manja. Mtengo unali kupita ndi kubwerera, ndipo citsulo cinadya pa ulendo umodzi wokha. Pamene anaonjeza gudumu lolemera, ndi pamene madzi a mtsinje anayamba kuyendetsa makina, mtengo unayamba kuzungulira mbali imodzi kosaleka.

M'caka ca 1701 wansembe wa ku France, Charles Plumier, amene achukanso ndi kudziwa zomera, anasindikiza ku Lyon buku la luso limeneli lochedwa L'Art de tourner. Ku London, pafupi ndi caka ca 1800, Henry Maudslay anakonza lathe ya citsulo imene inali kudula sikuruwu zofanana ndithu, cosemera cace cosagwidwa ndi dzanja koma coyenda pa citsulo coongoka.

Koma bvuto limodzi linakhalapo kuyambira kale. Mtengo wopanidwa ku nsonga zace ziwiri ndi misomali yosongoka usemeka bwino kunja, monga mwendo wa mpando kapena mpini wa tupa. Koma wofuna kukumba dzenje ku nsonga imodzi ayenera kusiya nsongayo poyera, ndi kugwira mtengo mbali imodzi yokha. Akale anali kukhomera mtengo m'cikho ca mtengo wina, kapena kuumata ndi phula, kapena kuumanga m'cikho ca citsulo cokhala ndi sikuruwu pozungulira. Njira zonsezi zinadya nthawi, ndipo mtengo uli wonse unafuna kuyesedwa pa wokha. M'caka ca 1840 Simon Fairman wa ku Stafford m'dera la Connecticut analandira kalata ya boma ya chuck yatsopano. M'kati mwace muli mbale ya citsulo yokhala ndi mzere wozungulira monga nkhata kapena cigoba ca nkhono, ndipo nsagwada ziri ndi mano olowa m'mzerewo. Mbale ikazungulira, nsagwada zonse ziyenda pamodzi mtunda wofanana, ndipo cogwidwaco cikhala pakati cokha. Mkamwini wace Austin Cushman anayamba kupanga chuck zogulitsa m'caka ca 1862 ku Hartford. Ndipo m'caka ca 1902 Arthur Jacobs anakonza chuck yaing'ono yogwira coboolera, yomanga ndi mfungulo ya mano, imene tiiona kufikira lero pa makina oboolera ambiri.

4. Mudzi wa Saint-Claude

M'mapiri a Jura, kum'mawa kwa France, muli mudzi wochedwa Saint-Claude. Ciyambi cace ndiyo nyumba ya amonke imene Romain ndi mbale wace Lupicin anakhazika m'zaka za m'ma 400. Anthu ambiri anali kudza kudzapemphera ku manda a Claude, mmodzi wa akuru a nyumbayo, ndipo eni mudzi, amene minda yao inali ya miyala ndi cisanu, anaphunzira kusema mikanda ya korona ndi tinthu tina togulitsa kwa alendowo. Mitsinje ya Bienne ndi Tacon inayendetsa lathe zao. Fodya atafika, iwo anayamba kusema zotengera fodya wa m'mphuno, mipini ya kaliwo, ndi akaliwo a mitengo ya kwao.

M'zaka za m'ma 1850 kunafika mtengo umene unasintha zonse. Afalansa aucha bruyère, Angerezi briar, ndipo odziwa zomera Erica arborea. Ndico citsamba cacikuru ca m'mapiri ouma a Corsica, Italy, Greece, Spain ndi Algeria, ndipo cimeranso m'mapiri a Ethiopia ndi pa Kilimanjaro. Pakati pa mizu ndi thunthu cikhala ndi mfundo yaikuru pansi pa nthaka, imene isunga madzi ndi kuphukanso moto wa m'chire ukapita. Mfundo imeneyi njolimba, njosapsa msanga, ndipo iri ndi maanga okongola. Koma ifuna zaka 30 kapena kuposa kuti ikule kufikira pa msinkhu wa nchito. Akaikumba aisunga yonyowa kuti ingang'ambike, naiceka tizipika, natiphika m'madzi maora ambiri kuti utomoni wowawa ucoke, natiumitsa pang'ono pang'ono miyezi yambiri.

Amisiri a Saint-Claude anali nazo kale lathe ndi madzi ndi manja ozolowera, cotero mudziwo unasanduka likuru la akaliwo a briar, ndipo anthu zikwi zingapo, amuna ndi akazi, anadya za nchitoyo. Anagawana nchito: wina kuboola mphika, wina khosi, wina kudula zotsala, ndipo akazi ambiri anali opukuta. Anakonzanso makina otsata citsanzo ca citsulo, a nzeru yonga ya Thomas Blanchard amene m'caka ca 1819 anapanga lathe yosema matako a mfuti ku America. Luso linaoloka nyanja: Henri Comoy anapita nalo ku London m'caka ca 1879, ndipo Alfred Dunhill anayamba kupanga akaliwo ace komweko m'caka ca 1910. Mipini yakuda anaipanga ndi mphira woumitsidwa ndi sulufule, umene Nelson Goodyear analandira kalata yace m'caka ca 1851. Ngakhale kaliwo wa citsononkho ca cimanga anadzera pa lathe, pakuti Henry Tibbe, amene anayamba nchitoyo m'caka ca 1869 ku Washington m'dera la Missouri, anali mmisiri wozunguza mitengo.

5. Bvuto la mabowo awiri

Tsono tifike pa mtima wa nkhani. Mbale kapena mwendo wa mpando uli ndi mzere umodzi wa pakati, ndipo zonse zizungulira pa mzere womwewo. Koma kaliwo ali nayo iwiri: wina utsika pakati pa mphika, wina udzera m'khosi. Mphika wa akaliwo ambiri uli ndi mamilimita 19 kufikira 22 m'mimba mwace, koma njira ya utsi iri ndi mamilimita ngati 4 okha, ndipo iyenda m'kati mwa mtengo kumene diso silifika. Mabowo awiriwa ayenera kukumana pansi peni peni pa mphika, ndi pakati. Njira ikaturukira pamwamba, fodya wa pansi sapsa, angonyowa. Ikapitirira pansi kapena kupatukira kumbali, utsi ugunda pa ngondya, madzi asonkhana, ndipo kaliwo alira monga munthu wa cimfine. Ikapendekeka m'khosi, khoma la mbali imodzi likhala lopyapyala, ndipo ling'ambika polowetsa mpini. Mwa kaliwo wokhota bvuto likula, pakuti bowo la mpini ndi njira ya utsi siziyenda mzere umodzi, ndipo mtengo uyenera kumangidwa katatu.

Apa mtengo susiyana ndi munthu wosakhululuka: bowo likaphonya silibwezeka monga m'dothi, ndipo cipika cimene cinakula zaka 30 citayika m'kamphindi. Ndiponso cipika ca briar siciri cozungulira. Ciri ndi mbali ziwiri zosalala ndi mbali zina zosafanana, ndipo pozungulira mbali yolemera ikoka makina monga mwala wa pa coponyera. Cifukwa cace funso la mmisiri wa kaliwo si lakuti mpeni wanga wathwa kodi, koma lakuti ndigwira bwanji.

6. Nsagwada zitatu, zinai ndi ziwiri

Chuck yofala m'nyumba za amisiri a zitsulo ndiyo ya nsagwada zitatu zoyendera pamodzi. Iyo igwira bwino cinthu cozungulira kapena ca mbali 6, monga mafuwa atatu acirikiza mphika. Cotero pa nchito ya mpini, umene aucotsa ku ndodo yozungulira ya mphira, ndiyo yoyenera. Koma pa cipika ca ngondya zinai nsagwada imodzi ikhala pa mbali yosalala, ziwiri zinazo ziluma m'mphepete mopendekeka. Mtengo uoneka ngati wagwidwa, koma coboolera cikangoluma uterereka, ndipo nthawi zina uuluka.

Chuck ya nsagwada zinai iripo ya mitundu iwiri. Ina iri ndi nsagwada zoyendera pamodzi, ndipo igwira cinthu ca mbali zinai zofanana. Koma cipika ca kaliwo ncacitali mbali yina, cotero ziwiri zifika, ziwiri zitsala. Ina iri ndi nsagwada zoyenda yokha yokha, iri yonse ndi sikuruwu yace. Iyi igwira kolimba kopambana zonse, ndipo ikhoza kuika malo ali onse a mtengo pakati pa makina. Koma ifuna kudekha kwakukuru, pakuti mmisiri amasula kuno namanga uko, nayesa, nabwerezanso, ndipo akatembenuza mtengo kuti aboole bowo laciwiri ayamba kuyesa kwatsopano. Pamenepo mpamene mabowo aphonyana.

Cifukwa cace amisiri a kaliwo anakhazikika pa nsagwada ziwiri zoyendera pamodzi. Poyamba mmisiri asalaza mbali ziwiri za cipika kuti zilingane ndithu, najambula pa mbali imodzi mizere iwiri, wa mphika ndi wa njira ya utsi. Nsagwada ziwiri zikapana mbali zosalalazo, pakati pa cipika pakhala pakati pa makina popanda kuyesa, pakuti zonse ziyenda mtunda wofanana. Akatha kuboola khosi amasula pang'ono, natembenuza cipika pakati pa nsagwada monga munthu atembenuza ndalama pakati pa cala cacikuru ndi ca mkomba phala, namanganso. Ndipo bowo laciwiri silingapatukire ku dzanja lamanja kapena lamanzere, cifukwa mbali zogwidwa ziri zomwe zija. Catsala ndico kulinganiza mzere wojambulidwa ndi nsonga ya coboolera. Ena anaonjeza nzeru yina: m'nsagwada iri yonse aika kamsomali kosongoka, ndipo timisomali tiwirito tiluma mtengo pa malo pamene mizere iwiri ija ikumana. Cipika cizungulira pa timisomalito monga citseko pa mahinjesi ace, ndipo ngakhale acitembenuze bwanji, coboolera ciloza malo amodzi omwewo. Pa nchito yonseyi cozungulira ndiwo mtengo; coboolera cikhala cete m'chuck ya Jacobs ku mbali yina ya makina, ndipo mmisiri acikankha pang'ono pang'ono. Ambiri ayamba ndi njira ya utsi, nakumba mphika pambuyo, naima kawiri kawiri kusuzumira, kufikira kabowo kaoneka pansi.

Nsagwada wamba nzazifupi, ndipo ziluma m'munsi mokha mwa cipika. Cotero amisiri apanga nsagwada zazitali ndi zotakata. Amene alibe chuck ya ziwiri atenga ya zinai zoyendera pamodzi, nacotsa ziwiri, namanga zitsulo zazitali pa ziwiri zotsalazo.

7. Zoyenera kuyang'ana posankha

Coyamba, chuck ilingane ndi mphuno ya lathe imene imangidwapo. Lathe zambiri zazing'ono za mtengo ziri ndi sikuruwu ya inchi imodzi m'mimba, ya mizere 8 pa inchi. Zina za ku Ulaya ziri ndi ya mamilimita 33. Wokakamiza chuck ya muyeso wina aononga zonse ziwiri.

Caciwiri, utali wa nsagwada ukhale wokwanira kugwira mbali yaikuru ya cipika, koma usapitirire. Nsagwada yaitali ikakhala yopyapyala itseguka ku nsonga pomanga, ndipo igwira m'munsi mokha. Cotero utali ufuna kunenepa.

Cacitatu, kulemera ndi kukula. Chuck yolemera pa lathe yaing'ono itopetsa makina; ndipo nsagwada zikatseguka, pamodzi ndi ngondya za cipika, ziyenera kuzungulira osagunda pansi. Nsagwada zisatsegulidwe kufikira potsala mano owerengeka okha m'mzere wa nkhata uja, pakuti pamenepo zikhoza kuthothoka.

Cacinai, nkhope ya nsagwada. Ya mano akuthwa igwira kolimba koma isiya zipsera, zimene sizibvuta ngati malowo adzadulidwa. Yosalala, kapena ya citsulo cofewa ca aluminiyamu, isunga mtengo koma ifuna cipika cosalazidwa bwino.

Cacisanu ndico cacikuru kwa ife aphunzitsi. Mfungulo isatsale m'chuck ngakhale kamphindi. Dzanja limene laimanga ndilo liicotse. Asanayatse makina mmisiri azunguze chuck ndi dzanja kamodzi kuona ngati pali pogunda. Cipika cosalingana ciyambe ndi liwiro laling'ono. Maso achingidwe, malaya olendewera apindidwe, ndipo munthu asaime moyang'anana ndi mbali ya chuck. Nsagwada zazitali pozungulira sizioneka bwino, ndipo cala ca mwana siciphukanso. Akuru anati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Comweco mpeni wakuthwa pa mtengo wosagwidwa bwino uli ngozi, si thandizo ai.

8. Njira ya ku Denmark

Tisayese kuti amisiri onse anatsata njira imodzi. Pa nkhondo yaikuru ya 1939 kufikira 1945 briar anasowa, ndipo ku Denmark Poul Nielsen anayamba m'caka ca 1942 kupanga akaliwo ndi mtengo wa kwao. Nchito yace inadzachedwa Stanwell. Pambuyo pace Sixten Ivarsson, amene anayamba ndi kukonza akaliwo osweka ku Copenhagen, anatembenuza dongosolo lonse. Iye anali kusema mutu poyamba, motsata maanga a mtengo, naboola pambuyo pace, atagwira mutuwo m'manja ndi kuukankhira ku coboolera cozungulira. Pamenepo manja ndiwo nsagwada, ndipo diso ndilo muyeso. Njira iyi ipatsa ufulu wa maonekedwe, koma ifuna zaka za kuzolowera, ndipo siyenera wophunzira. Kufikira lero amisiri agawikana pa njira ziwirizi.

9. Mbali ya dziko lathu

Akaliwo onsewa anafuna fodya, ndipo apa mpamene mbiri iyi ikhudza midzi yathu. Abale a Buchanan anayesa fodya wa malonda ku Zomba, ndipo woyamba anatumizidwa kunja m'caka ca 1893. Imperial Tobacco Company inamanga nyumba yace ku Limbe m'caka ca 1908. Kuyambira 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anafalitsa fodya wocizidwa ndi utsi pakati pa alimi a ku Lilongwe. Boma linakhazika Native Tobacco Board m'caka ca 1926, ndipo msika wa okushoni unatsegulidwa ku Limbe m'caka ca 1938. Fodya wakuda uja, amene anatha nkhuni zambiri ndi tulo ta mabanja ambiri, anapita ku Britain, kumene wambiri analowa m'fodya wa kaliwo. Mlimi anapeza ya msonkho ndi ya nsaru. Koma mtengo unanenedwa ndi ogula, ndipo nchito ya makina, imene iri ndi phindu lalikuru, inatsala kutsidya kwa nyanja. Mwambi uja wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo, alimi a masiku amenewo anaumva tanthauzo lace popanda wowamasulira.

Kaliwo anayamba kucepa pamene ndudu za makina zinacuruka, ndipo m'caka ca 1950 madokotala Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa ku London kuti kusuta kuyenda pamodzi ndi khansa ya m'mapapo. Bungwe la madokotala la Royal College of Physicians linacenjeza anthu m'caka ca 1962, ndipo boma la America linatero m'caka ca 1964. Wosuta kaliwo asadzinyenge kuti iye apulumuka, pakuti utsi wace ubala khansa ya milomo, ya m'kamwa ndi ya kukhosi, ndipo uononga mapapo ndi mtima. Maiko anapangana pangano la kucepetsa fodya pansi pa World Health Organization m'caka ca 2003, ndipo Malawi analowamo m'caka ca 2023. Ku Saint-Claude nyumba zambiri za nchito zinatsekedwa, ndipo zatsala zowerengeka.

Tsono titengepo ciani ife? Sitifunsa mphunzitsi ali yense kuti aphunzitse ana kusema kaliwo. Koma lathe yomweyo ndi chuck yomweyo zisema mipini ya zipangizo, miyendo ya mipando, mbale, ndi zoikapo nyali za m'chalichi. Ndipo dziko lathu liri ndi mlombwa, mbawa ndi phingo, amene Azungu amfuna popanga zitoliro zao. Mnyamata amene wamvetsa cifukwa cace nsagwada zitatu zikana cipika ca ngondya, ndi cifukwa cace ziwiri zisunga pakati, waphunzira kuyesa, kudikira, ndi kusamala nchito imene wogula sadzaiona. Ndipo izi zidzamthandiza pa nchito iri yonse. Kuongola mtengo mpoyamba: mwana aphunzire kumanga bwino asanaphunzire kudula.

Potsiriza tipempha anzathu a m'midzi cinthu cimodzi. Okalamba amene anaona akaliwo a dothi akuumbidwa ali kutha, ndipo mau ao apita nao. Funsani agogo a m'mudzi mwanu maina a ziwalo za kaliwo m'cinenero ca kwanuko, dothi limene anasankha, bango limene anadula, ndi mwambo wa kupatsana fodya pakati pa akuru ndi alendo. Lembani monga anenera, osakonza, ndi kutumiza kuno, kuti tidzasindikize pamodzi ndi kulinganiza mau a ku mapiri ndi a ku nyanja.